Inki Yobiriwira pa Maluwa a Mng'ono Wanga

1

Ndinachiona Lamlungu masana, kapu ya tiyi ili m'manja, ndili pabalaza kwa mng'ono wanga. Pakhoma loyang'anizana ndi zenera panali felemu ya maluwa a ukwati wake, imene ndinakonza ndi manja angawa miyezi isanu ndi iwiri m'mbuyomo. Dzuwa linali litagunda pagalasi, ndipo pa katsamba kamodzi koyera panaoneka kamzere kobiriwira kopindika ngati mbedza. Wina akanati ndi mtsempha wa duwa. Ine ndinadziwa kuti chinali chilembo, ndipo ndinadziwanso dzanja limene linachilemba. Linali dzanja la mwamuna amene kalata yake sindinkayenera kuisunga.

Ndinatsamwa ndi tiyi mpaka misozi.

"Achemwali, mwatani? Tiyi wanga wafika poipa chonchi?" anafunsa mng'ono wanga uku akundimenya pamsana.

"Watentha chabe."

"Tiyi wakhala patebulo theka la ola, atenthe bwanji? Inu mwayamba kukalamba, ingovomerani."

Kwathu timamutchula Kachiwala, chifukwa ali mwana sankadziwa kuyenda ngati anthu, ankangodumpha. Bambo athu anachoka pakhomo iye ali ndi zaka zinayi, amayi anatisiya patapita zaka ziwiri, ndipo ine wa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri ndinasanduka mayi wa mwana amene sindinabereke. Ndinamusambitsa, ndinamuluka tsitsi, ndinamukwapula, ndinamukwatitsa. Ine ndi amuna anga Mulungu sanatipatse mwana, choncho Kachiwala ndiye anali mwana wanga, mng'ono wanga ndi mnzanga, zonse pamodzi. Tsiku limenelo anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi umodzi, ndipo anali atandiuza kale kuti kuchipatala sakufuna wina aliyense pambali pake koma ine.

Ndinayang'ananso pakhoma paja. Ndinadziwa kuti kachilemboko sikakhala kokha nthawi yaitali, ndipo tsiku limene anzake adzatuluke n'kupanga mawu, Kachiwala sadzanditchulanso achemwali.

"Felemu ija ndinakuuza kuti usaike padzuwa," ndinatero.

"Munandiuza," anayankha, n'kutenga kapu yanga kukatsuka.

2

Ndiyambe ndakuuzani za ntchito yanga, kuti mumvetse mmene munthu amadzikolera mumsampha wotchera yekha.

Ndimaumitsa maluwa. Anthu amabwera ndi maluwa a paukwati, a pamaliro, a tsiku lomaliza maphunziro, ine n'kuwaumitsa ndi kuwamata pa pepala lolimba, kenako amuna anga, amene ndi kalipentala, amawapangira felemu. Chida changa ndi matabwa awiri okhuthala okhala ndi mabawuti anayi m'makona, ndipo pakhomo pathu timachitchula kuti chopanikizira. Duwa lalikulu umalithothola katsamba kamodzikamodzi. Timasambato umatigoneka chafufumimba pa pepala lomwa madzi, n'kuvindikira kumsana kwake ndi pepala lina, kenako n'kumanga mabawuti. Tsiku lachitatu umasintha mapepala kuti maluwa asachite chuku. Ukatero umawasiya mpaka milungu itatu ikwane, osasuzumira. Makasitomala opupuluma ndimawauza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pakhomo pathu pali lamulo limodzi lokha: chopanikizira sachigwira munthu wina. Amuna anga anachipanga okha, koma tsiku lina atamasula bawuti kuti aone ngati ikugwira bwino, ndinawakalipira mpaka anakadyera kwa mnzawo. Kuyambira pamenepo amachilambalala. N'chifukwa chake kalata ija itandipeza, kutatsala masiku asanu ndi atatu kuti ukwati uchitike, sindinavutike kuganiza poibisa. Ndinang'amba envelopu, ndinawerenga ndili chiimire, n'kuiika chafufumimba pa mulu wa mapepala omwa madzi m'chopanikiziramo. Inalembedwa mbali imodzi yokha, pa pepala lofewa lopanda mizere, ndi cholembera chakale chija chomwetsa inki.

Maluwa a Kachiwala sanali ogula. Kuseri kwa nyumba yathu kuli chitsamba chimene ndinazula kwathu amayi atamwalira, chobzala iwo. Chimachita maluwa oyera a timasamba tatikulu kamodzi pachaka, kwa masiku ochepa. Dzina lake palibe amalidziwa, timangoti duwa la amayi. Kachiwala anasankha tsiku la ukwati potsatira chitsambacho, ndipo m'mawa wa tsikulo anathyola yekha maluwa asanu ndi awiri.

Duwa likathyoledwa silidikira munthu. Madyerero atangotha, dzuwa lisanalowe, ndinathamangira nawo kunyumba, mapazi atatupa, m'mutu mukulirabe nyimbo. Ndinayala timasamba, ndinatenga pepala la pamwamba pa mulu, loyera bwinobwino, ndinavindikira, n'kumanga mabawuti mpaka zala kuwawa. Sindinalitembenuze pepalalo kuti ndione mbali inayo.

Tsiku lachitatu nditamasula, ndinaona kuti pepala lovindikiralo linali kalata ija. Madzi a maluwa anali atasungunula inki, ndipo timasamba tinali titamwa mawu a kalata ija kumsana kwake, otembenuka ngati mmene zilembo zimaonekera pa kalilole. Ndinayesa kupukuta ndi thonje, katsamba kamodzi n'kung'ambika. Ndinathamangira kuseri kwa nyumba, koma mphepo inali itayoyola maluwa onse otsala. Kutsogolo kwa timasambato kunali koyera mbee, choncho ndinadziuza kuti zakumsana n'zakumsana. Titauma ndinatimata, amuna anga anatseka felemu osadziwa kanthu, ine n'kukapereka ndikumwetulira.

Chimene sindinafune kukumbukira n'chakuti katsamba koyera kakakhalitsa padzuwa kamapyapyala mpaka kuonekera mkati. Ndipo zilembo zotembenuka kumsana, ukaziona kuchokera kutsogolo, zimawerengeka bwinobwino.

3

Lachiwiri ndinabwererako ndi bodza lokonzeratu.

"Ndaona kuti maluwa ako ayamba chuku. Ndiwatenge ndikawakonze, Lachisanu abwera."

"Chuku chobiriwira bwino chonchi?" anatero Kachiwala osayang'ana n'komwe kukhoma. Ankasoka kamalaya ka mwana. "Asiyeni, ndawazolowera."

"Chidya maluwa onse."

"Chikadya mudzandiumitsira ena chaka chamawa. Kodi chitsamba chafa?"

Atalowa kukhitchini ndinakwera pampando, ndinachotsa felemu n'kuikoleka pa msomali wa kalendala, kuseri kwa chitseko kumene dzuwa silifika. Loweruka nditabwera ndinaipeza yabwerera pamalo pake, ndipo pambali pa mbedza ija panali patatuluka tizilembo tina tiwiri.

Ndinakagula makatani okhuthala, ndinati ndi mphatso ya mwana wobwerayo, kuti kuwala kusadzamupweteke maso. Kachiwala anathokoza mpaka kundikumbatira. Mlungu wotsatira ndinawapeza atapindidwa pampando, mphaka atagonapo.

Ndinafika poganiza zoigwetsa. Ndinatenga kansalu kopukutira fumbi, ndinakweranso pampando, ndinaichotsa pa msomali. Inali m'manja mwanga, chotsala kunali kutambasula zala basi. Ndinamva mpweya kumbuyo kwanga, ndipo nditacheuka Kachiwala anali ataima pakhomo, dzanja lili m'chiuno.

"Mukaigwetsa, achemwali, lisweka ndi galasi lokha. Maluwawo nditola."

"Ndimangopukuta."

"Ndinapukuta m'mawa."

Koma amene ankandiopsa kwambiri ndi mlamu wanga, mwamuna wa Kachiwala. Iye ndi wokonza mawotchi, munthu wofatsa amene amayenda ndi kagalasi kokulitsira zinthu m'thumba la malaya. Munthu woti amaona kafumbi m'mimba mwa wotchi angalephere kuona chilembo pakhoma la nyumba yake? Tsiku lina anandipeza ndaima pansi pa felemu, maso ali m'mwamba.

"Alamu, ntchito yanu yomwe mukuisirira?" anatero.

"Ndikuona ngati guluu akugwirabe."

"Akugwira," anayankha. Anandiyang'ana nthawi yaitali, dzanja lili pa thumba lija, n'kutsegula pakamwa ngati akufuna kuwonjezera, koma anangoti, "Dzuwa la chaka chino ndi lamphamvu."

Ndinafika kunyumba diresi litanyowa ndi thukuta. Chakudya chinasiya kulowa. M'mawa uliwonse ndinkatuluka kukayang'ana kumwamba, kupempha mitambo ngati mlimi, ndipo kunja kukacha bwino ndinkatukwana dzuwa chamumtima.

4

Ndinaganiza zopanga felemu ina yofanana, kuti ndikasinthanitse tsiku limene Kachiwala adzapite kusikelo. Chitsamba cha amayi chinalibe ngakhale mphukira imodzi, choncho ndinazungulira ogulitsa maluwa onse amene ndimawadziwa, chithunzi chili pafoni. Wina anandiseka, wina anandipatsa marozi oyera, wina akakombo. Ndinatenga zonse, n'kuyamba kudula timasamba ndi sizasi kuti tifanane ndi ta duwa la amayi.

Koma milungu itatu ndinalibe. Ine amene ndimalalikira anthu kuti duwa silithamangitsidwa, ndinatenga simbi n'kuyamba kusita maluwa pakati pa mapepala. Oyamba anapsa n'kufiira. Achiwiri anakakamira pa pepala. Achitatu anangonyenyeka m'manja. Nyumba yonse inanunkha ngati ndiwo zamasamba zopserera.

Amuna anga analowa kudzadya chakudya chamasana, utuchi uli m'tsitsi, n'kuima pakhomo.

"Mayi, kodi lero tidya maluwa?"

"Ndikuyesa njira yatsopano."

"Zaka khumi ndi zisanu ndakhala nanu, ndipo munathamangitsapo mayi wina pakhomo pano chifukwa chongotchula simbi. Mwaonda, simukudya, kwa Kachiwala mukupitako katatu pamlungu. Kuli chiyani kumeneko?"

"Mwana ali ndi pakati, ndisamuone?"

"Nanga felemu yachiwiri ija mwandipempha, yofanana ndi yoyamba mpaka msomali, nayonso ndi ya pakati?"

Iwo anakhala pampando n'kuyamba kuyang'ana m'zikhatho zawo. Amuna anga si munthu wa mawu ambiri, ndipo akakhala choncho ndiye kuti nkhani yawadya masiku angapo.

"Ndingofunsa, chifukwa mtima ukundipweteka. Pali mwamuna?"

Likanakhala tsiku lina ndikanaseka. Koma ndinalira, kulira kwenikweni kwa mamina, ndipo iwo anatenga misoziyo ngati yankho. Anatuluka osadya. Ine ndinatsala ndi simbi m'manja, ndipo ndikuvomera pano kuti kwa kanthawi ndinaona kuti n'kwabwino andiyese wachigololo kusiyana n'kuti Kachiwala adziwe zoona. Ndinali wokonzeka kuthetsa banja langa kuti ndisunge bodza langa.

5

M'mawa mwake ndinapitanso kukasaka maluwa. Pobwera ndinapeza chopanikizira chili patebulo, mabawuti onse anayi atamasulidwa n'kuikidwa pamzere. Amuna anga anali ataswa lamulo, ndipo kalata ija inali m'manja mwawo. Mufunsa chifukwa chake sindinaiotche. Ndinayesa kawiri, machesi ali m'manja, koma dzanja linakana, ndiye ndinaibwezera pansi penipeni pa mapepala.

"Ndimafuna dzina la mwamunayo," anatero motsitsa mawu. "Ndalipeza."

Anawerenga mzere woyamba, umene inki yake sinasungunuke. "Kachiwala mwana wanga."

Kalatayo sinali yanga. Inali ya mng'ono wanga, yochokera kwa bambo athu.

Bambo anali kalaliki, ndipo moyo wawo wonse ankalemba ndi inki yobiriwira, mpaka dzina langa pa makope a kusukulu. Ndiwo anamupatsa mwanayo dzina la Kachiwala. Anachoka amayi akudwala, anakakwatira kwina, ndipo kwa zaka makumi awiri ndi ziwiri sitinamve ngakhale kutsokomola kwawo. Kenako tsiku lija panafika mayi wina wosesa kuchipatala, atanyamula envelopu. Kachiwala, amene nthawi imeneyo ankakhalabe nafe, anali kwa telala kukayesa diresi, ndiye ndinalandira ndine.

Analemba kuti agonekedwa, ndipo madokotala sakuwabisira kanthu. Anali atamva za ukwati. Sankapempha mpando ku ukwatiko. Ankangopempha kuti mwana wawo akaime pakhomo la wodi ngakhale mphindi zisanu, amuone atakula. Za ine munali mzere umodzi wokha, wakuti mkulu wako sindingamupemphe kanthu, chifukwa ndinamulakwira kopitirira kupepesa.

Ndinapsa mtima. Ine ndinasiya sukulu, ine ndinachapa zovala za anthu, ine ndinagona pansi m'zipatala, ndiye munthu atulukire kumapeto kudzatenga misozi ya mwana amene sanamugulire ngakhale nsapato? Ndinati ndipereka ukwati ukatha. Ukwati utatha kalata inali itaonongeka, ndiye ndinati ndidikire kaye ndipeze poyambira. Zengerezu adalinda kwawukwawu. Patapita milungu iwiri foni inalira, bambo anali atapita.

Kachiwala anakana kupita kumaliro. Analira pamiyendo panga, akuti, "Achemwali, afa osandikumbuka. Ngakhale kapepala kamodzi." Ine ndinamusisita pamsana n'kunena kuti, "Usalire, uli ndi ine."

Zonsezi ndinawauza amuna anga ndili chiimire pakhomo, maluwa ogula aja akufota m'manja. Iwo anaika kalatayo patebulo mosamala.

"Ndikanapeza mwamuna, ndikanadziwa chochita," anatero. "Izi zandikulira. Koma mwana uja asabereke asanadziwe kuti bambo ake anamuitana. Mupita ndinu lero, kapena ndipita ndine mawa."

"Andida, bambo. Sadzandionanso."

"Mwina. Koma kalatayi si yanu."

Ndinagwada, ndinawagwira miyendo, ndinapempha kuti tidikire abereke kaye, ndinalonjeza zonse zimene mkazi angalonjeze. Anandidzutsa, anandipukuta kumaso ndi dzanja lawo lokhakhala lija, n'kundiikira kalatayo m'manja.

6

Ndinamupeza Kachiwala ali pampando pafupi ndi zenera lotsegula, dzuwa la masana lili pa felemu. Patebulo panali kagalasi ka mlamu wanga ndi kabuku kakang'ono.

"Ndabwera kudzanena kanthu," ndinatero.

"Khalani pansi, achemwali."

Sindinakhale. Ndinayamba ndi za mayi wosesa uja, kenako ndinangotulutsa kalata n'kuiika pamiyendo pake. Sanadzidzimuke. Anaiyang'ana nthawi yaitali osaigwira, kenako anatsegula kabuku kaja n'kukatembenuzira kwa ine. Pa tsamba lililonse panali tsiku ndi chilembo chimodzi kapena ziwiri. Pa tsamba lomaliza anali atalumikiza zimene anapeza: ukwati wako, pakhomo la wodi, ndikuone.

"Miyezi iwiri ndakhala ndikuzilemba," anatero. "Alamu anu ndiwo anayamba kuona, ndi kagalasi kawoka zimaoneka msanga. Ine ndinazindikira inki, chifukwa ndi yomwe ija inalemba dzina langa pa khadi la kusikelo limene munandisungira."

"Ndiye padzuwa paja unkachitira dala?"

"Munandiphunzitsa nokha kuti dzuwa limapyapyalitsa maluwa. M'mawa uliwonse ndinkatsegula zenera kuti bambo anga alankhule. Tsiku lina ankandipatsa chilembo chimodzi, tsiku lina osandipatsa kanthu. Inu uko mukubwera ndi makatani."

"Bwanji sunandifunse?"

"Ndinkafuna mundiuze nokha. Mukagogoda ndinkati lero andiuza. Munandiuza za chuku."

Anandiuza kuti nditsitse felemu, ndipo anaigoneka patebulo pambali pa kalata. Pa kalatapo panali zipsera za maonekedwe a timasamba, pamene inki inasungunuka n'kufufutika. Mawu osowa pamenepo ndi amene anali pa maluwa. Anawerenga pang'onopang'ono, chala chikuchoka pa pepala kupita pagalasi n'kubwereranso. Atafika pa mzere wonena za ine, anauwerenga mokweza kawiri.

"Ankadziwa kuti anakulakwirani," anatero. "Sanakupempheni kanthu. Zaka makumi awiri ndi ziwiri zinali zanu, achemwali. Iwo anapempha mphindi zisanu, ndipo anapempha ine."

"Ndinkaopa," ndinatero, ndili chogwada pansi. "Ndinkaopa kuti ukawaona uwakonda, ine n'kutsala wopanda kanthu."

"Ndikanapita, ndikanaima pakhomo lija, n'kubwerera kwa inu. Ndikanapitanso kuti?" Anapukuta m'maso ndi kamalaya kamene ankasoka kaja. "Kubisako mwina ndikanamvetsa. Chimene chikundikanika n'chakuti munandisisita pamsana. Ine ndikulira kuti sanandikumbuke, inu mukundisisita, kalata ili m'chipinda chanu."

Ndinayesa kumugwira phazi, koma analichotsa pang'onopang'ono. Anagwira mimba yake ndi manja onse awiri n'kuyang'ana kuzenera.

"Kuchipatala ndipita ndi apongozi anga. Mutseke chitseko mukamatuluka."

7

Mwana anabadwa wamkazi. Ndinamva kwa amuna anga, amene anakumana ndi mlamu wanga pamsewu. Ndinaluka kachipewa n'kutumiza. Sikanabwezedwe, koma mawu sanabwerenso. Miyezi inayi ndinkadutsa mumsewu wawo ngati wakuba, kungoyang'ana matewera pachingwe n'kumayerekeza kuti mwanayo wakula bwanji. Ntchito ndinasiya. Chopanikizira chinakhala chomasula, fumbi likudzaza m'mabowo a mabawuti.

Pafupifupi milungu itatu yapitayo mlamu wanga anagogoda m'mawa, atanyamula kabokosi ka wotchi. Mkati, pa thonje lonyowa, munali kaduwa kachikasu kakutchire, ka mtundu umene umamera paliponse ndipo anthu amangouponda.

"Dzulo tinapita kumanda kwa bambo anu," anatero. "Mng'ono wanu anakawaonetsa mdzukulu wawo. Aka kanamera kumutu kwa manda. Akuti palibe wina amene amaidziwa ntchitoyi."

"Ananenanso chiyani?"

Anandipatsa kapepala. Panali mawu ochepa, a dzanja lake lothamanga lija: "Muone mbali zonse ziwiri za pepala."

"Nanga kakauma, mudzabwera kudzatenga?"

"Ine ndili ndi mawotchi ambiri, alamu," anatero akuyang'ana pansi. "Mpata sindidzaupeza."

Ndinapukuta chopanikizira, ndinasankha mapepala awiri atsopano, ndinawatembenuza kanayi poyera, ndinagoneka kaduwako n'kumanga mabawuti. Tsiku lachitatu ndinasintha mapepala, ndipo sindinasuzumirenso. Mawa milungu itatu ikwana, ndipo amuna anga apanga kale kafelemu kake. Sindikudziwa ngati chitseko chija chikatsegulidwe, kapena ngati ndikaloledwe kunyamula mwanayo. Amati chibale ndi fupa sichiola, koma fupa limathyoka, ndipo wothyolayo sauza mnzake tsiku loti lipole.

Inu amene mwawerenga mpaka pano, mwina mwanditcha kale mfiti, ndipo sindikana. Koma ndikufunseni kanthu kamodzi. Kodi m'kabati mwanu, m'foni mwanu kapena m'mutu mwanu mulibe mawu amene munthu wina anakupatsirani kuti mukapereke, inu n'kuwasunga poti mukuteteza mwini wake? Inenso ndinkati ndikuteteza mwana. Zoona zake n'zakuti ndinkadziteteza ndekha, chifukwa ndinkaganiza kuti munthu amene ndinamulera movutika ndi wanga, ndipo ndingamusankhire woti amukhululukire ndi woti amukane. Bambo athu analakwa kwambiri, koma kuwatsegulira kapena kuwatsekera chitseko unali ufulu wa Kachiwala, ndipo ine ndinamubera. Mphindi zisanu zija sindingamubwezere, ngakhale ndimuumitsire maluwa onse a padziko lino.

Ngati muli ndi kalata ya mwini, kaperekeni lero, wolembayo akadali ndi mpweya. Ine yanga ndinachedwa nayo. Mawa ndidzuka, ndimasula mabawuti, ndinyamula kafelemu kaja m'manja, ndipo ndikagogoda.